Zingwe Zobiriwira za Mlamu Wanga

Ndamudziwa mlamu wanga kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo sindinamvepo zoti wanena kuti "sindikudziwa" mpaka chaka chathachi. Anakwatira mlongo wanga wamng'ono. Ine ndine womanga nyumba, iye ndi wa magetsi, choncho takhala tikupezana pa ntchito kambirimbiri: ine kumanga khoma lowongoka bwino, iye kubwera m'mbuyo mwanga ndi tchizulo kudzaligoba. Dzina lake lenileni lilipo, koma mumsewu mwathu ngakhale ana amangomudziwa kuti a Bolalayaka. Dzinali linachokera pakamwa pake. Ukamufunsa chifukwa chake soketi yapendama, kapena chifukwa chake swichi ikulira ngati njuchi, yankho linali limodzi. Ankadina swichi, babu n'kuyaka, iye n'kutambasula manja ngati wagoletsa chigoli. "Bola layaka!"

Sukulu yake ya magetsi inali pansi pa makwerero. Pa unyamata wake analembedwa ntchito yogwirira makwerero mmisiri wina, ndiye maphunziro onse ankawaonera kumapazi a bwana wake. Sanakhalitse. Tsiku lina anawodzera makwerero ali m'manja, bwanayo n'kutsika mofulumira kuposa mmene anakwerera, ntchito n'kuthera pomwepo. Mawa lake mlamu anagula pulayasi, tesita ndi ovolosi, n'kuuza anthu kuti ndi injiniya. Tesitayo sankaigwiritsa ntchito. Inkangokhala m'thumba la pachifuwa kuti anthu aziiona. Waya ankamuyesa ndi kuseri kwa chala, amvekere: "Ine magetsi amandidziwa, timangopatsana moni."

Nzeru zake zinali zambiri, ndipo sankamana munthu. Fyuzi ikapsa, ankati ndi yamantha, n'kuikapo msomali, chifukwa msomali supsa. Zoti fyuzi imapsa dala kuti nyumba isapse m'malo mwake, zimenezo bwana uja anazinena ali pamwamba ndipo sizinafike pansi. Mawaya awiri akakumana, ankawapota ndi zala, kuwakulunga tepi, tepi ikatha pepala la pulasitiki, n'kuwakwirira mu pulasitala wanga. Waya woonda wa mababu ndi yemweyo ankamupititsa ku chitofu, poti moto ndi umodzi. Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma ndimadziwa kuti mtanda wa denga sufanana ndi phaso. Ndikamuuza, ankandigwira paphewa. "Alamu, inu zanu ndi njerwa. Njerwa ilibe sayansi."

Koma chimene chinamutchukitsa ndi waya wobiriwira.

Munthu akafuna kuika magetsi m'nyumba, kusitolo ya zomangira ankamugulitsa mipukutu itatu ya waya: wofiira, wakuda ndi wobiriwira. Mlamu ankakoka iwiri m'mapaipi, wachitatu n'kuuika pambali. Anali ataufufuza yekha. Wofiira ukamugwira amaluma. Wakuda ukamuchotsa babu limazima. Wobiriwira saluma, ndipo ukamuchotsa palibe chimene chimasintha.

"Uyu ndi waulesi," ankatero. "Anzake akugwira ntchito, iye wangogona mupaipi ngati mlendo wosadziwa tsiku lobwerera. Akusitolo amangofuna kukudyerani."

"Nanga bwanji soketi ili ndi mabowo atatu?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Nanga mpando wa miyendo iwiri munauonapo? Lachitatulo ndi loti pulagi isagwe."

Ndinene zoona, wayayo sankaba. Akamaliza ntchito ankaitana mayi wa panyumbapo, kukumba maenje awiri kuseri, kuzika mitengo, n'kumanga waya uja kuti akhale chingwe choyanikira zovala. Imeneyo inali mphatso ya injiniya. Amayi ankamukonda kwambiri chifukwa chingwecho sichichita dzimbiri ndipo sichidetsa malaya oyera. Nyumba zambiri kwathu ndi zowonjezera kuseri kwa nyumba zina, magetsi amangokokedwa kuchokera ku nyumba yaikulu, ndiye panalibe wobwera kudzayang'ana ntchito yake. Pakutha pa zaka, ukaima kumtunda kwa msewu wathu, unkaona zingwe zobiriwira bwalo ndi bwalo, matewera ndi mabulangete zikuuluka. Kwanganso chinalipo. Ndikanaitana mmisiri wina, mlongo wanga akanandilirira mwezi wathunthu.

Anthu tinangozolowera kukhala ndi nyumba zoluma. Posita zovala unkayamba wavala nsapato. Ketulo unkaigwira ndi kansalu. Wagolosale wa pakona, bambo wamkulu thupi wosakonda kuseka, anali ndi filiji yaikulu ya zakumwa imene inkamugwedeza dzanja akaitsegula ali chosavala. Mlamu anamufotokozera kuti ndiye kuti magetsi ake ndi amphamvu, osasungunula, n'kumupatsa thabwa loti aziimapo. Bamboyo anaima pathabwapo zaka zambiri, n'kumanyadira pamaso pa makasitomala kuti filiji yake ndi yaukali.

Tsiku limene zinatembenuka ndinalipo. Linali Loweruka m'mawa, ndikukonza sitepe ya pakhonde pawo, mlamu atakhala pampando akundilangiza kasakanizidwe ka simenti. Mlongo wanga anali atangokolopa kukhitchini, pansi pali ponyowa, iye ali wopanda nsapato. Kuseri kwa chitofu khoswe anali atatafuna waya wofiira, mkuwa wake n'kukhudza chitsulo cha chitofucho. Palibe amene ankadziwa. Mlongo wanga anagwira chitseko cha uvuni.

Sanakuwe. Tinangomva kubuula kwachilendo, ngati munthu wotsamwa. Titalowa tinamupeza ataima chowuma, dzanja litakanirira pachitsulo, maso ali tong'o. Ine ndinatambasula manja kuti ndimukoke.

"Musamugwire, alamu! Akugwirani nonse!"

Apo analondola, ndipo ndikulemba kuti analondola. Swichi yaikulu anaiika yekha kuseri kwa kabati ya mbale, chifukwa ankati imanyansitsa chipinda, ndiye panalibe nthawi yoifikira. Ananyamula mpando wathabwa wouma n'kumukankha nawo mkazi wake mwamphamvu mpaka dzanja linachoka, iye n'kugwera pakhomo. Pa ukwati wawo wonse ndi tsiku lokhalo limene anamukankha mlongo wanga, ndipo ndinamuthokoza.

Mlongo wanga atatsitsimuka, mlamu anati amwe madzi a shuga, zitha. Ine ndinati kuchipatala. Kumeneko anati tachita bwino kubwera, chifukwa magetsi amatha kusokoneza mtima munthu akuoneka bwinobwino. Anamugoneka, kumumanga bandeji pachikhatho chimene chinapsa. Zala ziwiri mpaka lero sizipinda bwino. Atatuluka sanafunse munthu maganizo. Anangoti, "Achimwene, chipinda cha ana anu chija chilibe munthu, eti?" N'kubwera kwathu ndi chikwama chake.

Ndinapita kusitolo ya zomangira kukafunsa wa magetsi wokhala ndi mapepala. Ananditumizira mayi wina wa msinkhu wa mwana wathu woyamba, amenenso amaphunzitsa za magetsi pa sukulu ya ntchito zamanja. Tinangoyamba kumutchula kuti Aphunzitsi. Mlamu atamuona akutsika njinga ndi chikwama cha zida, anandinong'oneza mokweza, "Alamu, mwaitana namwino?"

Aphunzitsi analowa kukhitchini. Anatiuza tisunthe kabati. Anathimitsa swichi yaikulu, kuikapo kaloko, kiyi n'kuika m'thumba mwake. Choyesera chake anali atayamba wachiyesa pamalo pamene pali moto kuti aone ngati chikugwira ntchito, kenako anayesa pa chitofu, n'kudzachiyesanso kachiwiri. Mlamu anaseka. "Mantha onsewa? Ntchito imeneyi imafuna mtima."

"Amtima ambiri tinawaika kale m'manda, bambo," anatero Aphunzitsi. Anatsegula bokosi la mafyuzi, kusolola msomali, n'kumupatsa m'manja. "Uwu mukakhomere kalendala."

Kenako anamasula soketi ya chitofu, kusuzumira, kumasulanso ina, kusuzumira.

"Bambo, waya wa efi ali kuti?"

"Uti ameneyo?"

"Wobiriwira. Wopita pansi."

"Ooo, waulesi uja! Ameneyo ndinamupezera ntchito. Suzumirani pawindo."

Aphunzitsi anasuzumira. Panja panali chingwe, pali mabulangete awiri ndi ovolosi ya injiniya. Anatuluka, kuchigwira, n'kuponya maso kuseri kwa mpanda. Anaona china. Anayenda mpaka pamsewu, ife tikumutsatira, n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana kumtunda ndi kumunsi.

"Nyumba zonsezi munaika magetsi ndinu?"

"Ndi manja awa," anatero mlamu, akuwaonetsa kuti tiwaone bwino.

Sanamukalipire, ndipo ine ndinakhumudwa pang'ono. Anangotembenukira kwa ine. "Madala, inu ndinu omanga. Ngalande ya mvula imakhala youma miyezi yambiri. Munaikwirirapo chifukwa choti ndi yaulesi?"

"Ayi. Mvula ikabwera madzi angalowe m'nyumba."

"Waya uyu ndi ngalande. Amalumikiza chitsulo cha chitofu, cha filiji, cha simbi, n'kupita ku ndodo yamkuwa yokhomedwa m'nthaka. Tsiku limene waya wofiira wakhudza chitsulo, moto umathawira mwa iyeyu, fyuzi n'kupsa nthawi yomweyo, magetsi n'kuzima. Akasowa, chitsulocho chimangokhala ndi moto n'kumadikira. Moto umafuna njira yopita pansi. Tsiku lija unapeza mayi."

Mlamu anatsegula pakamwa. Ndinadikira kuti ndimve sayansi. Anatsekanso. Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, koma uyu anamanga msewu wathunthu.

Madzulo ake anabwera kwathu atavala jekete, atanyamula malalanje. Mlongo wanga anali pakhonde, dzanja la bandeji lili pamiyendo.

"Mayi, tiyeni kunyumba. Chitofu chija ndachitaya."

"Chitofu chinalakwa chiyani, bambo?"

"Chabwino, wayayo ndimubwezera. Mawa lomwe."

"M'nyumba yanu yokha?"

"Nanga inu mumagona m'nyumba zingati?"

"Ine ndine wamkulu, ndinapirira. M'nyumba zinazo muli ana okwawa, ogwira chilichonse ndi manja onyowa. Amayi awo amandipatsa moni tsiku ndi tsiku, n'kumandithokoza chifukwa cha chingwe. Ndiziwayang'ana bwanji? Mupite kusukulu kwa mayi uja mukaphunzire. Mukatero mubwezere waya m'nyumba iliyonse imene munagwira. Yomaliza ikatha, ndibwera ndekha, simudzachita kundinyamulira malalanje."

"Mayi, nyumbazo n'zambiri!"

"Mukakhuta mumaziwerenga monyada. Kaziwerengeninso."

Anayang'ana kwa ine kuti ndimuthandize. Ine ndinali kusenda lalanje.

"Ndalonjeza," anatero pomaliza, mawu ali pansi ngati waponda minga.

Sindinakhulupirire. Munthu uyu analonjezapo kundibwezera wilibala yanga ana anga ali kusukulu ya mkaka, ndipo pano ali ndi ana awo. Koma nyumba yopanda mkazi inamuphunzitsa zimene ine ndinalephera. Mlungu woyamba anapsereza mapoto onse. Wachiwiri anayamba kuyankhula ndi wailesi. Wachitatu anakalembetsa maphunziro a Loweruka, a amisiri ogwira ntchito popanda mapepala, n'kukhala pabenchi ndi imvi zake pakati pa anthu amene anawaona akubadwa.

Aphunzitsi anandiuza kuti tsiku loyamba ankayankha funso lililonse lisanathe, ndipo ankalakwa lililonse. Tsiku lina anamufunsa kukula kwa waya woyenera chitofu. Anaima, kukanda m'mutu, n'kunena kuti, "Sindikudziwa." Ndinapempha kuti andibwerezere kawiri. Ndikanakhala ndi ng'oma ndikanaimba.

Nzeru yake yakale sinafe tsiku limodzi. Anaganiza zomasula zingwe zonse m'mabwalo n'kuzilowetsa m'mapaipi, kuti ntchito ichepe. Aphunzitsi anapinda kachidutswa kamodzi pamaso pake, chikopa chake n'kuthetheka ngati tsamba louma. Waya amene wakhala padzuwa ndi pamvula salowanso m'khoma. Anafunika watsopano, ndipo wailesi ija, mnzake yekhayo amene anatsala, inapita kumsika.

Anayambira nyumba yanga. Ndinamufunsa ngati ndi chifukwa cha ulemu kwa mlamu wamkulu. "Ayi," anatero, "muno ndi mmene mukugona mkazi wanga." Anagoba pulasitala wanga kufunafuna mfundo zimene anakwirira kale, ndipo zina tinazipeza zitada bii, pepala la pulasitiki litasungunuka. Tsopano mfundo iliyonse inalowa m'kabokosi kake kotseguka, yomangidwa ndi zomangira za sikuluwu. Swichi zina anapeza kuti anaziika pa waya wakuda, kutanthauza kuti babu likazima moto unkatsalabe pamenepo kudikira wosintha babu. Anazibwezera pa wofiira. Soketi ndi chitofu zinalandira waya wonenepa. Panja anakhoma ndodo yamkuwa. Pabokosi anaikapo kachipangizo kamene kamathimitsa magetsi kokha moto ukangoyamba kuthawira kolakwika, kali ndi batani loyesera. Akamaliza sankaloledwa kuyatsa mpaka Aphunzitsi atabwera kudzayeza ndi makina awo. Kangapo anamubwezetsa. Mlongo wanga ankamupatsa tiyi pakhonde ngati mmisiri wina aliyense, kapu ikatha n'kumuuza kuti ayende bwino.

Anatsika nawo msewu, nyumba ndi nyumba, miyezi ikupita. Chingwe chobiriwira chinali chizindikiro chake: pamene chili, pali mlandu. Akamaliza nyumba ankachidula, n'kumangapo chingwe chenicheni. Vuto ndi loti munthu wotembenuka mtima amasowetsa mtendere kuposa wochimwa. Anayamba kulalikira. Akapeza mawaya olowetsedwa mu soketi ndi timitengo ta machesi, ankazula n'kuyamba ulaliki. Akapeza simbi, ketulo ndi wailesi pa soketi imodzi, ulaliki. "Moto wa magetsi sathira madzi! Thimitsani kaye! Swichi yaikulu isabisike, aliyense m'nyumba aidziwe!" Anthu amene anawapatsa nyumba zoluma ankangomuyang'ana, kusowa poyambira.

Inatsala golosale.

Wagolosale atamva chifukwa chenicheni chimene filiji yake inali yaukali, sanakuwe. Anangoti mlamu akadzapondanso pakhonde pake adzamuswa ndi thabwa lomwe lija. Mlamu anapita ndi chipewa m'manja.

"Achimwene, ndabwera kudzakonza, kwaulere."

"Kwaulere? Zaka zonsezi ndakhala ndikukwera pathabwa ngati tambala, makasitomala akundiona, ine n'kumati filiji yanga ndi yamphamvu. Mdzukulu wanga amatsegula filiji imeneyi! Choka, Bolalayaka, ndisanachimwe."

Anapitanso, anabwezedwa. Anatuma ine, ndinabwezedwa ndi ulemu. Anabwera kwa mkazi wake kudzadandaula kuti imodzi yokha siingawerengedwe, poti mwini wake ndiye akukana.

"Ndinati zonse," anatero mlongo wanga, osakweza mutu pa zimene ankasoka.

"Mayi, kunyumba kuja ngakhale makoswe asamuka."

"Asamukira kuseri kwa filiji ya kugolosale. Pitani mukawapeze."

Mlamu anatha thupi. Ovolosi inayamba kumukulira. Ndinayamba kuona kuti mlongo wanga akhoza kukalambira m'chipinda cha ana anga, chifukwa mwa anthu awiri ouma mutu, iye ndi wagolosale, panalibe wofuna kutsika.

Anamasula mfundoyi ndi Aphunzitsi. Anakakambirana ndi wagolosale, yemwe anavomera kuti mayiyo agwire ntchitoyo ndi manja ake, koma Bolalayaka asakhudze waya ngakhale mmodzi. Aphunzitsi anati zili bwino, koma denga la golosale ndi lalitali, afuna munthu wowagwirira makwerero.

"Ameneyo angathe," anatero wagolosale. "Koma agwirire panja pomwe, anthu amuone."

Pakhonde la golosale ndi pamene amuna a mumsewu mwathu amakhala masana, pomwe mlamu anakhala akuphunzitsa sayansi kwa zaka zonsezi. Ndinkaganiza kuti akana. Anafika m'mawa, tesita mulibe m'thumba, n'kugwira makwerero ndi manja awiri.

"A injiniya, akutsitsani udindo?" anafunsa wokonza njinga.

"Ayi, abwerera kalasi imene anathawa," anatero telala.

"Gwiritsani, madala, musawodzere! Uyu akagwa palibenso wina wotikonzera zanu!"

Wagolosale anatulutsa mpando, kukhala patsogolo pake penipeni, n'kumamwa chakumwa pang'onopang'ono. Mlamu anangogwiritsa makwerero. Maso anali m'mwamba, ndipo ulendo uno ankamvetsera. Aphunzitsi akati pulayasi, ankapereka. Akati gwirani apa, ankayang'ana kaye kwa wagolosale ngati n'zololedwa.

Dzuwa litapendeka, Aphunzitsi anayeza zonse, kuyatsa, n'kudina batani loyesera lija. Magetsi anazima nthawi yomweyo. Anayatsanso. Wagolosale anavula nsapato, kukankha thabwa ndi phazi, n'kugwira chitseko cha filiji ndi chala chimodzi, kenako dzanja lonse. Atatero anatola thabwalo n'kumupatsa mlamu. "Tenga digiri yako."

Babu la pakhonde linali likuyaka. Tonse tinamuyang'ana mlamu, kudikira mawu aja. Milomo inagwedezeka, koma mawuwo anawameza.

Mlongo wanga anali ataima kutsidya kwa msewu, chikwama chili pamapazi. Sindikudziwa amene anamuuza. Anawoloka, kumudutsa mwamuna wake ngati mtengo, n'kufunsa Aphunzitsi, "Mwanawe, zathadi?"

"Zatha, mayi. Iyi inali yomaliza."

"Bambo, siyani makwererowo, nyamulani chikwama. Ndikaone zimene mwachita ndi mapoto anga."

Anayenda kutsika msewu, iye patsogolo, mlamu m'mbuyo, chikwama kudzanja lina, thabwa kudzanja lina. Lonjezo limenelo analisunga, ndipo ine amene ndinkati sangathe ndalemba ndi dzanja langa kuti anatha.

Koma tsiku limene anadula chingwe chobiriwira kwathu, anauza mkazi wanga kuti chenicheni abweretsa mawa, poti ife ndife apabanja, tingadikire. Amayi onse a mumsewu analandira zawo. Zovala zanga mpaka lero zimayanikidwa pampanda, ndipo malaya anga oyera ali ndi mizere ya dzimbiri kumsana. Ndikamukumbutsa amandigwira paphewa n'kunena kuti, "Alamu, bola zauma."